Munda wa mayi, khadi la bambo

Misika ya fodya ikangotsegulidwa, m'boma lino la Chifunde mumabuka nkhani zitatu zosatha pakamwa pa anthu. Abambo pabwalo la bawo amakamba za mitengo ndi za boma. Anyamata a njinga zamoto pa Cassacatiza amakamba za kasinthidwe ka ndalama. Amayi pamjigo ndi pachigayo amakamba za mabanja, kuti auje athawa mkazi, auje atenga wachiwiri. Mlendo wongodutsa angayese ngati magulu atatuwa akukamba zosiyana. Koma atati akhale pansi n'kumvetsera mpaka dzuwa kupendeka, angaone kuti onsewo akuzungulira funso limodzi: kodi ndalamayi yalembedwa m'dzina la yani, nanga ngongole yake abweza ndani?

Mwa Achewa a kuno, kuyambira ku Mualadzi mpaka ku Nsadzu, mwambo wa chikamwini udakalipo. Mnyamata akakwatira amakamanga nyumba kwawo kwa mkazi, ndipo munda umene banjalo limalima umachokera kwa apongozi. Ana ndi a kuchikazi, owayang'anira ndi atsibweni awo, mwinimbumba. Chitengwa chilipo ndithu, ndipo masiku ano chikuchuluka, koma chimadza mwamuna atapempha, a kuchikazi n'kuvomera. Pa mwambo, tsono, nthaka ndi ya mayi ndi abale ake.

Fodya sadziwa mwambo umenewo. Kampani yogula fodya imalemba mlimi mmodzi, n'kumupatsa mbewu, feteleza ndi mankhwala pa ngongole, ndipo ngongoleyo imadulidwa tsiku logulitsa. Pamakomo ambiri dzina lolembedwa pa khadi ndi la bambo, poti ndiye amapita kumisonkhano ya alangizi, ndiye amene kawirikawiri ali ndi chitupa, komanso ndiye wotchedwa mutu wa banja. Koma ntchito ya fodya siyang'ana khadi. Kuthirira nazale m'mwezi wa September ndi October dzuwa likuswa mtengo, kuokera mvula ikagwa, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha masamba usiku ndi nyali, zonsezi mayi amakhalamo, mwana ali kumsana. Chimanga cha banja nachonso chimadikira manja omwewo.

Likafika tsiku la msika, amene amakaima pa sikelo ndi mwini khadi. Ndiye amamva giredi, ndiye amaona kuti ngongole yadya zingati, ndiye amalandira zotsala. Mayi amamva mothera mwake, ndipo amamva zimene bambo wafuna kunena. Apa ndi pamene pamayambira milandu imene ankhoswe amatopa nayo m'miyezi ya June, July ndi August. Bambo akuti fodya anagwa giredi, ndalama yonse yapita ku ngongole. Mayi akuti nanga foni yatsopanoyo yagwa kumwamba? Patapita masabata awiri zimamveka kuti tsidya la mtsinje kuli mtsikana amene wagulidwa zitenje zitatu.

Amayi akamadandaula chonchi, ambiri amawavomereza. Komabe nawo abambo ali ndi mawu awo, ndipo si onse opanda nzeru. Mkamwini amadziwa kuti tsiku limene banja lidzathe, kaya mkazi adzamwalire, iye adzanyamula bulangete ndi khasu n'kubwerera kwawo. Nyumba ya njerwa zootcha ndi malata idzatsala, mitengo ya mango idzatsala, ana adzatsala. Ndiye amafunsa kuti, ndikhomererenji malata pamudzi pa eni ake? N'chifukwa chake ndalama ya fodya imasanduka njinga yamoto, wailesi, kapena ng'ombe zokasungitsa kwa mlongo wake, zinthu zoti zingathe kuyenda naye. Amayi amati kumeneko ndi kuba. Abambo amati ndi kuchenjera. Zoona zake n'zakuti onse awiri akuopa chinthu chimodzi, kutsala manja lende atakhetsa thukuta zaka khumi.

Chodabwitsa n'chakuti lamulo la dziko lino linayankhapo kale pa mantha amenewa, koma silinafike pamjigo. Lamulo la mabanja la 2004 linavomereza ukwati wa mwambo ndi wa kutchalitchi kuti ukhale ndi mphamvu ngati wa kuboma, malinga ndi wa mkazi mmodzi ndipo walembetsedwa ku Registo Civil. Linanenanso kuti mwamuna ndi mkazi amene akhalira limodzi ngati banja, ngakhale osalembetsa, katundu amene apeza ali limodzi ndi wa onse awiri. Nthawi yokhalira limodziyo inali chaka chimodzi, ndipo lamulo lokonzedwanso mu 2019 linaikweza kufika zaka zitatu. Kunena mwachidule, njinga yamoto yogulidwa ndi fodya wa m'munda wa apongozi si ya bambo yekha, ndipo malata okhomedwa pamudzi pa apongozi si a mayi yekha. Mkamwini akanadziwa zimenezi mwina sakanabisa ng'ombe. Koma mkazi wachiwiri aziyenda akudziwa kuti lamuloli silivomereza mitala.

Pali mbali ina ya nkhaniyi yomvetsa chisoni kuposa zonsezi. Chaka chimene fodya walephera, ngongole yatsala, nkhokwe ili pululu, maso a makolo ena amagwera pa mwana wamkazi amene wangotha msinkhu. Wa mabelo ambiri m'mudzimo akatumiza mawu, atsibweni amayamba kunena kuti sukulu ili kutali, mwanayu wakula. Chichokereni 2019, kukwatitsa kapena kukwatira mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu wa kundende m'dziko lino, ndipo lamulolo silisiya kholo, nkhoswe kaya mfumu imene yavomereza. Kale ena ankangowolotsa mwana malire nkhani n'kuzizira. Njira imeneyo inatsekeka, poti Malawi anakonza malamulo ake aakulu mu 2017 kuika zaka 18, ndipo Zambia anaika zaka zomwezo m'lamulo lake la maukwati mu 2023, kuphatikizapo maukwati a mwambo. Ngakhale zili choncho, lamulo lokha silidzaza nkhokwe, ndipo ukwati wotere umachitika usiku, anthu akudziwa koma ali chete.

Tsono za mitengo, zimene abambo amathera nazo mawu. Mlimi wa fodya kuno sasankha womugula. Boma limapereka dera lonse kwa kampani imodzi, imene imakongoza zipangizo ndi kugula yokha. Njirayi ili ndi ubwino wake, chifukwa palibe banki imene ingakongoze feteleza munthu wopanda chikole ku Mualadzi. Koma pamene pali wogula mmodzi palibe kunenerera. Akulu akukumbukira kuti dera la Chifunde linali m'manja mwa kampani ya Dimon, ndipo mu 2005 linaperekedwa kwa Mozambique Leaf Tobacco, imene fakitale yake mumzinda wa Tete inatsegulidwa mu 2006. Mu 2010 bungwe la boma la America loyang'anira makampani, lotchedwa SEC, linaimba mlandu Universal Corporation, eni ake a kampaniyo, kuti pakati pa 2004 ndi 2007 nthambi zawo zinapereka madola pafupifupi 165,000 kwa akuluakulu ena a boma la Mozambique ndi abale awo, mwa zina pofuna kuti dera la Chifunde likhale lawo. Kampaniyo inathetsa nkhaniyo polipira ndalama, osavomera kapena kukana zonenedwazo. Dzina la boma lino linalembedwa m'mapepala a milandu ku Washington, pamene alimi eni fodyayo sanafunsidwe n'komwe kuti akufuna kugulitsa kwa yani.

Ndiye munthu amene sangathe kukweza mawu pa sikelo amakawakweza kunyumba. Ena amazembetsa mabelo usiku kupita nawo kutsidya kwa malire, kuthawa ngongole. Chaka chotsatira dzina lawo lafufutidwa, feteleza palibe, ndipo amene amayamba kuyenda m'maganyu kuti ana adye ndi mayi yemwe uja amene sanaone ngakhale pepala la ngongoleyo.

Ngongole ya boma nayo ili ndi mbiri yake. Mu 2006, nthawi ya Armando Guebuza, boma linayamba kupereka mametikali 7 miliyoni chaka chilichonse ku boma laling'ono lililonse, ndalama zimene aliyense ankangozitchula kuti Sete Milhões. Cholinga chinali chabwino: kukongoza anthu akumudzi kuti alime chakudya chambiri ndi kuyambitsa mabizinesi. Osankha olandira anali mabungwe a alangizi a m'madera, ma Conselho Consultivo. Zimene zinachitika dziko lonse likudziwa. Zobwezedwa zinali zochepa zedi. Olandira ambiri anaiona ndalamayo ngati mphatso ya chipani, osalandira anaiona ngati ya anthu odziwana ndi akuluakulu, ndipo mpaka lero mawu akuti ndalama ya boma amatanthauza ndalama yosabweza. Pamene chigayo chogulidwa ndi ngongole yotere chinaima kamba kosowa dizilo, panalibe wobwera kudzafunsa.

Zoterezi si za kuno kokha. Anthu a kuno amaidziwa Nigeria kudzera m'mafilimu a m'nyumba za kanema, momwe aliyense ali ndi galimoto ndi nyumba yosanja. Nigeria yeniyeni ili ndi mikangano yofanana ndi ya pa Cassacatiza. Mu 2018, chisankho cha 2019 chili pafupi, boma la kumeneko linayambitsa ngongole yotchedwa TraderMoni, manaira 10,000 kwa ochita malonda ang'onoang'ono, ndipo wachiwiri kwa pulezidenti, Yemi Osinbajo, ankayenda yekha m'misika kukaionetsa. Otsutsa boma anati kumeneko ndi kugula mavoti, boma linakana. Pa 29 May 2023 Bola Tinubu, tsiku lomwe analumbira, analengeza kuti boma lasiya kuthandizira mtengo wa petulo, ndipo zinthu zonse zinakwera. Kumeneko amalowola, ndiye anyamata amadandaula kuti mndandanda wa zofuna akuchikazi ukutalika pamene ndalama ikuchepa mphamvu. Kuno chiongo sichilemera chotero, koma dandaulo ndi lomwelo, kuti chuma chikagwedezeka choyamba kung'aluka ndi banja.

Pambuyo pa chisankho cha 9 October 2024 ndi zipolowe zimene zinatsatira, boma la Daniel Chapo linakhazikitsa mu 2025 thumba lina la ngongole za m'maboma, lotchedwa FDEL. Maganizo a anthu agawanika. Achinyamata ena akuti ulendo uno mwina ifika kwa iwo. Achikulire amene anaona Sete Milhões akungogwedeza mutu. Funso loyenera kufunsa pa msonkhano uliwonse wa thumbali ndi lomwe lija la pamjigo: mayina a olandira adzawerengedwa poyera kodi, ndipo mwa mayinawo a amayi ndi angati?

Kukhala m'malire kumawonjezera vuto lina limene anthu a ku Maputo salidziwa. Thumba limodzi la munthu wa kuno limasunga ndalama za maiko atatu. Fodya amalipidwa m'mametikali, sopo ndi mafuta ena amagulidwa m'makwacha a Zambia cha ku Chanida ndi Katete, ndipo amene ali kufupi ndi Malawi amagwira makwacha a kumeneko. Mu November 2023 kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali atamanga makwacha pa nsonga ya chitenje kudikira nthawi ya njala anadzuka m'mawa ndalama yawo itachepa mphamvu kwambiri. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ena mwa otaya ndalama tsiku limenelo anali amayi, chifukwa ndiwo amabisa tindalama ta tomato ndi mandasi kuopa kuti tingapite ku mowa.

Komatu pali ngongole imodzi imene imabwezedwa pafupifupi nthawi zonse, ndipo ilibe kampani, ilibe boma. Ndi ya chiperegani, imene kumwera kwa dziko lino amati xitique, ku Zambia chilimba, ku Nigeria esusu, pamodzi ndi mabanki a m'khonde amene afalikira m'midzi. Amayi khumi kaya makumi awiri amakhala pamphasa, ndalama imawerengedwa mokweza aliyense akuona, wokongola amadziwika, tsiku lobweza limadziwika. Palibe wapolisi, koma wozemba sangathe kukatunga madzi mawa lake. Amayi omwewa, amene amasunga kaundula wa gulu mosaphonya ngakhale metikali imodzi, ndiwo amauzidwa kunyumba kuti za mapepala a fodya sangazimve.

Ankhoswe a masiku ano amaitanidwa mu July, ndalama itatha, mbale zitasweka. Nthawi yoyenera kuitanidwa ndi August ndi September, pamene alangizi akulemba mayina ndipo banja likuganiza za kukula kwa munda ndi matumba a feteleza oti likongole. Pamenepo ndi pamene a kuchimuna ndi a kuchikazi angagwirizane kuti pepala la ngongole ndi mapepala a pa sikelo aziwerengedwa pamaso pa onse awiri, kuti chimanga cha chaka chonse chiyambe chapatulidwa, komanso kuti malata akakhomedwa pamudzi pa apongozi, mkamwini ali ndi gawo lake lodziwika. Mabanja ena ayamba kugawa munda, mayi n'kulembetsa khadi lakelake. Chimene chimawabweza ambiri ndi chitupa, poti kukachitenga kumafuna ulendo ndi ndalama ya galimoto, ndipo ndalama imeneyo imapezeka mwezi umodzi wokha pa chaka, m'thumba la bambo.