Chingerezi si cholemba chokha, ana adziwenso potsindika

Mwana wa Fomu 4 atha kulemba mawu oti development osaphonya lemba ndi limodzi lomwe, koma tamuuzani awatchule. Ambiri amakoka pa "lop", pomwe eni chiyankhulochi amatsindika pa "ve". Ena anena kuti nkhaniyi njochepa. Ine ndikuti ayi, ndipo aphunzitsi a Chingerezi m'sukulu zathu za sekondale aiganizire bwino.

Gwero la vutoli si umbuli. M'Chichewa timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: chituKUko, maphuNZIro. Lilime likazolowera chonchi, limachitanso zomwezo pa Chingerezi, chomwe chilibe malo amodzi otsindika. Taonani mawu atatu apachibale awa: PHOtograph, phoTOgrapher, photoGRAphic. Nthawi zina tanthauzo limasintha kumene: REcord ndi dzina, reCORD ndi mneni.

Nanga bwanji m'kalasi sitizimva izi? Mayeso a Chingerezi a MSCE ngolemba, ndiye mphunzitsi amathamangira galamala ndi chimangirizo kuti ana akhoze. Sindikumuda, poti wolephera Chingerezi satifiketi saiona. Komatu moyo suthera pa MANEB. Kutsogoloku kuli intavyu ya ntchito. Namwino wofuna kukagwira ntchito ku Britain amakumana ndi mayeso monga IELTS, omwe ali ndi gawo loyankhula la mphindi 11 mpaka 14, ndipo katchulidwe ka mawu n'chimodzi mwa zinthu zinayi zomwe oyesa amapereka nazo malikisi.

Chosangalatsa n'choti ntchitoyi silira ndalama. Mawu othera ndi -tion kapena -ic amatsindikidwa pa phatikizo loyandikana ndi matherowo: eduCAtion, ecoNOmic. Yambirani pamenepa, aphunzitsi, chifukwa zikugwirizana ndi chizolowezi chathu cha m'Chichewa. Kenako bweretsani othera ndi -ity, omwe amatsindikidwa pa phatikizo lachitatu kuchokera kumapeto: uniVERsity, elecTRIcity. Ana aziomba m'manja phatikizo lililonse, n'kuomba mwamphamvu pamene pakutsindikidwapo. Aonetseninso kachizindikiro kam'mwamba komwe dikishonale imaika patsogolo pa phatikizo lotsindikidwa, kuti mawa azidzifufuzira okha. Mphindi zisanu pa phunziro lililonse n'zokwanira.

Musaope kuti anawa sangathe. Mwana amene amasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika, pongomva kukwera ndi kutsika kwa liwu, makutu ali nawo kale. Akungosowa womuuza choti amvetsere.

Sindikunena kuti ana athu aziyankhulira m'mphuno ngati obadwira ku London. Kamvekedwe ka Chimalawi n'kathu, palibe chochititsa manyazi. Cholinga n'choti akayankhula amveke, asamangouzidwa kuti abwereze mpaka kugwa ulesi n'kukhala chete pomwe yankho ali nalo.

Kuongola mtengo mpoyamba. Ntchitoyi iyambe mu Fomu 1, ndipo makoleji osula aphunzitsi ayambe ndi aphunzitsiwo, pakuti mwana amatchula zomwe wamva kwa amene waima kutsogolo kwa kalasi.