Mulungu anayala mphasa m'nkhalango, ife tikuyatsapo moto

Ana anga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikufuna mudekhe pang'ono muone chinthu chimene timachiponda chaka ndi chaka kuno ku Dedza osachizindikira.

Nkhokwe zambiri zimayamba kupepuka mwezi wa Novembala, pomwe chimanga chatsopano sichilowa m'nyumba mpaka Epulo kapena Meyi. Nthawi yomweyo, ufa ukutha m'dengu, ndi pamene masuku amapsa n'kumagwa okha pansi pa mtengo. Mvula yoyamba ikangonyowetsa chulu, ngumbi zimatuluka. Ikakhazikika, bowa amabowola nthaka: manyame ofiira, chipindi, ndelema woyera ngati mbale. Mayi amalawira m'mamawa ndi lichero, pofika dzuwa pamutu ndiwo zili pamoto, ndipo zotsala ana akugulitsa m'mbali mwa msewu wa M1 kuti apezeko ya mchere ndi sopo. Palibe analima zimenezi. Palibe anathira feteleza. Ndani anaziuza kuti zibwere mwezi wa njala osati wa masika? Ine ndikuti ndi Chauta, yemwe Yesu pa Mateyu 6 anatiuza kuti amadyetsa mbalame zopanda munda, ndipo ife amatiwerengera koposa izo.

Chisamaliro chimenechi sichinayambe dzulo. M'mapanga a ku Chongoni, omwe UNESCO inawalemba m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, muli zojambula zofiira za Akafula. Anthu amenewo analibe nkhokwe ngati zathu. Ankadya za m'nkhalango yomweyi, ndipo anabereka ana, anakalamba, anapeza ndi mpata wojambula pamwala.

Koma mphatso imeneyi ili ndi chingwe chake. Akatswiri a zankhalango amatiuza kuti bowa wamtunduwu amakhalira limodzi ndi mizu ya msuku, mombo ndi mitengo ina yachilengedwe. Mtengo umamupatsa chakudya, iye amauthandiza kukoka madzi ndi mchere wa m'nthaka. Mukagwetsa mtengo, bowa amapita nawo, ndipo ngakhale mutabzalapo paini kapena bulugama, manyame sabwerera. N'chifukwa chake amayi masiku ano akuyenda mtunda wautali kukafuna zimene agogo awo ankazula kuseri kwa mudzi.

Wootcha makala sindikumutukwana ayi. Ndikudziwa kuti mwana akadwala kapena akabwezedwa kusukulu, fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Thumba la makala limabweretsa ndalama lero, masuku ndi a chaka chamawa. Koma kumbukirani mana a m'chipululu pa Eksodo 16. Aisraeli anauzidwa kutola zokwanira tsiku limenelo, ndipo amene anaunjika anadzapeza zitachita mphutsi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Msuku umodzi ukhoza kudyetsa ana, adzukulu ndi zidzukulutudzi, koma mu uvuni umatha masiku ochepa. Ndipo mlandu suli pa wootcha yekha. Uli pa ife tomwe timaimitsa galimoto n'kukweza matumba opita ku Lilongwe, kenako Lamulungu n'kukaimba za ubwino wa Mlengi.

Chimandipweteka ndi pemphero lathu. Timagwada ku Bembeke, ku Mua ndi m'matchalitchi a m'midzi kupempha mvula yabwino, Mulungu n'kuipereka. Phiri la Dedza, lotalika pafupifupi mamita 2,200, limaikoka mitambo monga kale. Koma mvula ikagwa pamtunda wometedwa siilowa pansi. Imathamanga ndi nthaka yathu ya mbatatesi kukaitaya mumtsinje wa Linthipe, akasupe n'kuphwa Okutobala asanafike. Pamenepo timati Mulungu watiiwala.

Choncho, inu a m'miphakati, a Mvano ndi achinyamata a kwaya, kambiranani ndi a mfumu anu za nkhalango ya m'mudzi. Sizifuna ndalama zambiri. Zitsa za mombo ndi msuku zimaphukira zokha mukaziteteza ku moto wolusa ndi mbuzi. Lambulani njira zotchinga moto mvula ikangosiya, udzu usanaumitsitse. Polima, msuku womwe mwaupeza m'munda usiyeni. Ndipo mukamapita kukazula bowa, tengani mwana mmodzi kapena awiri, muwaonetse wodyedwa ndi wakupha, muwauze dzina la mtengo womwe wamera pansi pake.