Mapu a pansi pa nyanja afike padoko



Mu 2017 bungwe la ku Japan la Nippon Foundation, mogwirizana ndi la GEBCO, lidayambitsa ntchito ya Seabed 2030 yofuna kujambula pansi pa nyanja zonse zamchere pofika chaka cha 2030. Sitima imatumiza phokoso pansi pa madzi, phokosolo likagunda nthaka limabwerera, ndipo makina amawerenga nthawi yomwe latenga n'kudziwa kuya kwa malowo. Mpaka pano malo ojambulidwa bwino angopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi. Koma chomwe chatigwira mtima ife si makinawo ayi. Ndi mfundo yawo yoti mapu otulukawo aziikidwa poyera, aliyense azitenga ulere.

Nanga kwathu kuno? Nyanja ya Malawi, yomwe kumpoto imazama pafupifupi mamita 700, nayonso idapimidwapo. Mu 2005 akatswiri adaboola pansi pake n'kutenga dothi pofufuza nyengo zamakedzana. Mu 2011 boma lidapereka ziphaso zofufuzira mafuta m'nyanjamo. Tsono tifunse: ndi asodzi angati ku Makanjira, Malindi kapena Msaka omwe adaonetsedwapo mapu a zomwe zili pansi pa bwato lawo?

Iyi si nkhani ya ophunzira okha. Chambo chimakumba zisa zake pamchenga pansi pa madzi. Khoka likakwekweza pamenepo, ndiye kuti tagumula nkhokwe tisanakolole. Ku Malombe tidaziona ndi maso: makoka adasesa udzu wapansi, chambo chidachepa, mabanja n'kulowa m'mavuto. Tikadakhala ndi mapu osonyeza poswanira nsomba, tikadadziwa poyenera kutchinjiriza.

Ena akuti mapu akakhala poyera, a mabwato akuluakulu ndiwo adzathamangire kukakokolola nsomba. Nkhawayo ndi yomveka. Koma amenewo ali ndi ndalama zogulira makina awoawo oonera pansi. Wotsala mumdima ndi uja wopalasa bwato la chikuni. Ndipo popanda mapu ovomerezeka, komiti ya padoko idzaloza pati pomudandaulira wolowa malo oletsedwa?

Tisaiwalenso kuti mapu ena tili nawo kale, ali m'mitu mwa akuluakulu athu. Siginala wokhwima amadziwa pali virundu pomwe utaka umasonkhana, amalunjika phiri ili ndi mtengo uwo n'kufika pamalo enieni. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu akhala akutsekera usodzi nyengo yoswana nsomba kwa zaka zambiri, kudalira nzeru zomwezi. Koma mkulu akatisiya, mapu ake amapita naye kumanda.

Choncho tikupempha zinthu zitatu. Nthambi ya zausodzi, pamodzi ndi ofufuza a ku Monkey Bay, isonkhanitse pamodzi zonse zomwe zidapimidwa kale. Aliyense wopatsidwa chilolezo chopima nyanjayi azisiya zopeza zake m'dziko muno, ndipo zofunika kwa msodzi zizifika padoko m'Chichewa ndi m'Chiyao. Chachitatu n'chathu: achinyamata, tikatuluka ku Juma, tikhale pansi ndi agogo, tilembe mayina a malo, kuya kwake ndi nsomba zake. Kabukuko kazisungidwa ndi komiti ya padoko, ndipo eni nzeruzo ndiwo azinena woyenera kukaona.

Nyanja ndi amana yomwe Allah adatisungitsa, ndipo tidzafunsidwa za iyo. Kodi munthu angasunge bwanji katundu yemwe sadamuonepo? Tiyambe Lachisanu likudzali, Insha Allah.