Kuchepetsa thupi: mbale kapena thukuta?

Kukangocha, m'misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre mumakumana ndi anthu akuthamanga, thukuta lili kamukamu. Ambiri a iwo akufuna kuti chimimba chiphwe. Pakatha miyezi iwiri ena amagwa ulesi poona kuti sikelo siikusuntha, ndipo mkangano umayambira pomwepo. Wina amati nkhani yonse yagona m'mbale, wina amati yagona m'miyendo. Onse awiri ali ndi mfundo zofunika kuzimvetsera.

Oikira kumbuyo kadyedwe amayamba ndi masamu. Thupi limachepa ngati mphamvu zimene likugwiritsa ntchito zikuposa zimene likulandira m'chakudya, ndipo mphamvuzi amaziyeza m'makalori. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Munthu wamkulu akayenda mwandawala kwa ola lathunthu amatha makalori pafupifupi 300 okha. Chakumwa choziziritsa kukhosi cha mamililita 330 chili ndi makalori pafupifupi 140, pamene supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi 120. Choncho wothamanga uja akabwerera kunyumba n'kufikira mandasi awiri ndi tiyi wa shuga wambiri, zonse zimene anakhetsera thukuta zimabwerera asanafike n'kuntchito komwe.

Mfundoyi inalimbikitsidwa ndi zimene Herman Pontzer ndi anzake anafalitsa mu 2012, atafufuza pakati pa Ahadza a kumpoto kwa Tanzania. Anthuwa amayenda mitunda italiitali tsiku lililonse posaka nyama, pofula uchi ndi pokumba mizu. Komabe, poganizira kukula kwa matupi awo, mphamvu zimene amagwiritsa ntchito pa tsiku zinapezeka zofanana ndi za anthu a ku America ndi ku Ulaya amene amakhala pansi nthawi yambiri. Zikuoneka kuti thupi likamagwira ntchito yolemetsa nthawi zonse, limaumira mphamvu kumbali zina. Kuwonjezera apo, wotopa ndi masewera njala imamupweteka, ndipo mtanda wachitatu wa nsima sauonanso kukula.

A mbali ya masewera nawo amafunsa kuti: thupi likachepa, kenako n'chiyani? Wodzimana chakudya popanda kulimbitsa thupi amataya mafuta pamodzi ndi minofu. Njala imakula, thupi limayamba kugwiritsa ntchito mphamvu mochepa, ndipo ambiri amanenepanso pakapita nthawi. Ku America kuli kaundula wotchedwa National Weight Control Registry, amene Rena Wing ndi James Hill anayambitsa mu 1994. Amalembamo anthu amene anachepetsa makilogalamu osachepera 13 n'kukhala osanenepanso kwa chaka kapena kuposerapo. Anthu pafupifupi 90 mwa 100 alionse m'kaundulamo amalimbitsa thupi pafupifupi ola limodzi tsiku lililonse.

Palinso phindu lina limene sikelo siingalione. Kuyenda, kupalasa njinga ndi kunyamula zolemera kumachepetsa mafuta ozungulira ziwalo za m'mimba, kumatsitsa kuthamanga kwa magazi, ndiponso kumathandiza thupi kugwiritsa bwino ntchito shuga, ngakhale kulemera kusasinthe. N'chifukwa chake bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kuti azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu.

Tikaziika zonsezi pamodzi, ine ndikuona kuti mbali ziwirizi zikuyankha mafunso osiyana. Pa kutsitsa makilogalamu, mbale ndiyo ili ndi mphamvu zambiri. Pa kusunga zimene mwapindula ndi kuteteza mtima, miyendo ndiyo imagwira ntchito yaikulu. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Zotsatira za kafukufuku wa Diabetes Prevention Program, zimene zinatuluka ku America mu 2002, zikuchitira umboni: anthu amene anali pafupi kudwala matenda a shuga atasintha kadyedwe n'kumalimbitsa thupi mphindi 150 pa mlungu, chiopsezo chawo chinatsika ndi 58 peresenti.

Kwathu kuno zimenezi sizilira jimu kapena zakudya zodula za m'sitolo. Nsima ya mgaiwa mitanda iwiri m'malo mwa inayi, nyemba, usipa, bonongwe ndi nkhwani zothira mafuta pang'ono, madzi m'malo mwa zotsekemera, chipisi mwa apo ndi apo: kumeneko ndiye kuwongolera mbale. Kutsika minibasi siteji imodzi musanafike, kuyenda wapansi popita kumsika m'malo mokwera kabaza, kugwira khasu kudimba: kumeneko ndiye kukhetsa thukuta.

Kwa wothamanga wa m'mawa uja amene sikelo yamukhumudwitsa, ndinganene kuti asasiye. Mtima wake ukupindula kale. Chimene chatsala n'chakuti akafika kunyumba ayang'anitsitse zimene zili m'mbale mwake.