Kupirira kapena kuchoka? Awerengi agawanika pa buku la Mariama Bâ

Masabata atatu apitawa ndidapempha pa tsamba lino kuti amene adawerengapo buku la Mariama Bâ lotchedwa So Long a Letter andilembere maganizo awo. Makalata abwera ndithu, ena kudzera kwa mkonzi, ena ngati mauthenga a pafoni, ndipo sakugwirizana ngakhale pang'ono. Kabuku kake n'kakang'ono, koti munthu n'kumaliza pa masiku awiri, koma ena atulukamo ndi mkwiyo pa amuna, ena pa amayi, ena pa mlembi mwini wakeyo. Lero tiwamve onse, kenaka nane ndiikepo mlomo.

Kwa inu amene simudaliwerenge, nkhani yake ili motere. Mariama Bâ adali mphunzitsi wa ku Senegal, wobadwa mu 1929. Bukuli adalilemba m'Chifalansa ndipo lidatuluka mu 1979. Mu 1980 lidapata mphoto ya Noma, ndipo mu 1981 lidatuluka m'Chingerezi, chaka chomwe mlembiyu adamwalira. Buku lonse ndi kalata imodzi yaitali yomwe mayi wina wa ku Dakar, Ramatoulaye, akulembera mnzake wa paubwana, Aissatou. Akulemba ali m'nyumba, pa nthawi ya miyezi inayi ndi masiku khumi yomwe mkazi wamasiye wa Chisilamu amakhala akulira mwamuna wake.

Mwamunayo, Modou Fall, adamukwatira chifukwa cha chikondi, ngakhale mayi ake a Ramatoulaye sankamufuna mkamwiniyo. Adabereka ana 12. Atakhala zaka 25 m'banja, Modou adakwatira Binetou, mtsikana wa pasukulu yemwe adali mnzake wa mwana wawo woyamba, Daba, ndipo ankabwera kudzawerengera m'nyumba momwemo. Modou sadanene yekha. Madzulo a tsiku la ukwatiwo kudabwera mchimwene wake Tamsir, mnzake Mawdo ndi mtsogoleri wa pamzikiti kudzamuuza mayiyu kuti zatheka kale. Ramatoulaye sadathetse banja. Mnzake Aissatou zoterezi zidamuonekera kale zaka za m'mbuyo, pamene mwamuna wake Mawdo, yemwe adali dokotala, adakwatira mtsikana amene mayi ake adamulerera dala. Iyeyu adasiya kalata, n'kutenga ana ake anayi aamuna, n'kuchoka. Adakaphunzira ntchito yomasulira zilankhulo ndipo adakagwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa Senegal ku America.

Gulu loyamba la awerengi, ambiri mwa iwo atsikana ndi amayi achichepere, likuti Ramatoulaye adapusa. Wina wa ku Zomba walemba kuti adawerenga bukuli akukukuta mano, chifukwa mayi wophunzira, wa malipiro ake pamwezi, adalibe chifukwa chodikirira mwamuna amene adamuchititsa manyazi pamaso pa ana. Kwa iwowa ngwazi ndi Aissatou, ndipo umboni wawo ndi galimoto: patapita nthawi, wochoka uja ndiye adamugulira wotsala uja galimoto atamva kuti akuvutika m'mabasi.

Gulu lachiwiri likutsutsa zimenezi. Mayi wina wa ku Dedza, yemwe akuti ndi mlangizi wa mabanja kumpingo kwawo, walemba kuti banja ndi kupirira, ndipo Ramatoulaye ndiye chitsanzo choti tiziuza ana athu. Akuti kuchoka n'kosavuta, chovuta n'kukhala ndi kulera ana 12 osawabalalitsa. Akudandaulanso kuti mabuku otere akuphunzitsa atsikana kulongedza katundu pa nkhani yaing'ono iliyonse.

Gulu lachitatu ndi la abambo. Bambo wina wa ku Mangochi akuti bukuli ndi mlandu wozengedwa woimbidwayo kulibe, popeza Modou akumwalira pa tsamba loyamba ndipo zonse tikuzimva kuchokera pakamwa pa mkazi wokhumudwa. Akuwonjeza kuti chipembedzo chawo chimalola mitala, choncho Modou sadaswe lamulo lililonse.

Palinso ochepa amene mkwiyo wawo wonse uli pa Binetou. Akuti mtsikana ameneyu adadya nsima m'nyumba ya mayi wa mnzake kenaka n'kumulanda mwamuna, ndiye sayenera chisoni.

Ndiyambe ndi abambo, chifukwa pa mfundo imodzi akunena zoona. Modou sitikumumva akudziyankhira, ndipo m'kalasi ndimawauza ophunzira anga kuti munthu akamafotokoza nkhani yake yekha uzimvetsera ndi khutu lochenjera. Komabe tiyang'ane zimene Modou adachita, osati zimene mkazi wake ankamva mumtima. Chisilamu chimalola akazi mpaka anayi, koma chimaika lamulo loti mwamuna awasamale mofanana. Ramatoulaye adavomera kugawana mwamuna motsatira lamulo limeneli. Adakonzeka kudikira masiku ake. Modou ndiye sadabwerenso. Kwa zaka zisanu mpaka imfa yake adaiwala mkazi wamkulu ndi ana onse 12. Pa tsiku lowerengera chuma cha masiye zidadziwika kuti adasiya ngongole zokhazokha, ndipo nyumba yomwe Ramatoulaye ankakhalamo, yomwe adathandiza kulipira ndi malipiro ake auphunzitsi, Modou adaiika chikole kuti amangire moyo wapamwamba mkazi wamng'ono ndi apongozi ake atsopano. Ndiye bambo wa ku Mangochi, ngakhale titamuweruza Modou ndi lamulo la chipembedzo chake chomwe, mlandu ukumugwira. Ramatoulaye ndi mayi wopemphera kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndipo dandaulo lake lili pa mwamuna amene adatenga chilolezo m'chipembedzo n'kutaya udindo umene umabwera nacho.

Sizoonanso kuti amuna onse m'bukuli ndi oipa. Muli Daouda Dieng, dokotala komanso phungu wa Nyumba ya Malamulo, munthu waulemu amene adamukonda Ramatoulaye kuyambira ali mtsikana. Muli Abou, mwamuna wa Daba, amene amathandiza mkazi wake ntchito za pakhomo. Muli mnyamata wa kuyunivesite, Ibrahima Sall, amene atapereka mimba kwa mwana wina wa Ramatoulaye sadathawe, adabwera yekha kudzavomera ndi kukonza zoti mtsikanayo asasiye sukulu. Ndipo amene adakonza ziwembu zazikulu ziwiri m'bukuli ndi amayi: mayi ake a Mawdo, amene sankafuna mwana wa wosula golide m'banja lawo lachifumu, ndi mayi ake a Binetou, amene ankafuna kuthawa umphawi.

Apa ndi pamene ndikusiyana ndi amene akumutukwana Binetou. Mtsikanayu adali pafupi kulemba mayeso otsiriza a sekondale. Poyamba ankamuseka mkuluyo pouza Daba za bambo wachikulire amene akumugulira zovala, osatchula dzina. Mayi ake ndiwo adamulirira ndi kumukakamiza mpaka adagonja, ndipo Modou adamuchotsa pasukulu pomulonjeza ndalama mwezi ndi mwezi ngati malipiro. Mayiwo adapeza nyumba yabwino ndi ulendo wa ku Mecca. Mtsikanayo adapeza galimoto ndi zibangili, kenaka umasiye ali wamng'ono, wopanda satifiketi. Ine amene ndimaphunzitsa kusekondale ya kumudzi, Binetou ndimamudziwa. Amakhala pa desiki yachitatu m'Fomu 3, teremu yoyamba ali ndi nsapato zong'ambika, yachiwiri ali ndi foni yatsopano, yachitatu mpando uli wopanda munthu. Ukapita kwawo kukafunsa, umapeza matumba a feteleza pakhonde ndipo makolo sakufuna kukuyang'ana m'maso. Malamulo aakulu a dziko lino adasinthidwa mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asadakwane zaka 18, koma lamulo silikhala nawo pamene mayi ndi mwana akukambirana usiku m'khitchini, ufa utatha. Tikamatukwana mwana n'kumusiya bambo wa imvi amene adatulutsa chikwama, ndiye kuti tamenya galu wolakwika.

Tsopano funso lalikulu lija: adachita bwino ndani, wotsala kapena wochoka? Ndaona kuti magulu awiri oyamba aja onse akuwerenga theka la buku. Mlangizi wa ku Dedza akuyamikira kupirira, koma sadatchule zimene Ramatoulaye adachita mwamuna wake atamwalira. Pa mwambo wa tsiku la 40, Tamsir, yemwe adali kale ndi akazi atatu omwe ankalephera kuwasamala, adanena kuti amulowa chokolo. Mayi amene adakhala chete zaka 30 adamuyankha pamaso pa anthu ndipo adamukana mosapsatira mawu. Kenaka adabwera Daouda Dieng, wachuma, waulemu, wokonzeka kulera ana onse. Naye adamukana, pa zifukwa ziwiri: ankamulemekeza koma sankamukonda, komanso Daouda adali ndi mkazi ndi ana, ndipo iye sadafune kumwetsa mkazi mnzake chikho chomwe adamwa yekha. Uyu si mayi wongovomera chilichonse. Ngati tikufuna kuti akhale chitsanzo kwa ana athu, titenge ndi kukana kwakeko, osati kupirira kokha.

Atsikana a ku Zomba nawo asaiwale kuti Ramatoulaye sadatsale chifukwa cha umbuli kapena mantha okha. Iye mwini akuvomera kuti ankamukondabe Modou, ndipo adawerengera zaka zake, ana ake, ndi amayi ena osiyidwa amene adawaona akuvutika. Mwana wake Daba adamuuza kuti athetse banja, iye adaganiza mozama n'kusankha zina. Tikhoza kusagwirizana naye, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chondisangalatsa n'chakuti amayi awiriwa sakuweruzana. Wotsala akumuyamikira wochoka chifukwa cha kulimba mtima, wochoka akumuthandiza wotsala popanda kumunena kuti ndidakuuza. Ife awerengi ndife tikufuna kuti mmodzi apambane, wina agonje.

Pali chinthu china chimene palibe kalata ndi imodzi yomwe yachitchula, pamene kwa ine ndicho chachikulu. Amayi onse awiri adali aphunzitsi. Aissatou adatha kuchoka chifukwa adali ndi maphunziro oyambira moyo wina. Ramatoulaye adatha kutsala osapempha, adatha kulipira madzi ndi magetsi, adatha kukana Tamsir ndi Daouda, chifukwa kumapeto kwa mwezi ankalandira zake. Onse awiri adali ndi mwayi wosankha. Amene adalibe mwayiwu ndi Binetou yekha, yemwe adachotsedwa pasukulu. Mayi wa kumudzi kuno amene munda, mbuzi ndi njinga zonse zili m'dzina la mwamuna, tikamuuza kuti pirira kapena choka timangotaya nthawi, chifukwa njala idamusankhira kale. Nthawi zambiri chimene ankhoswe amachitcha kupirira chimakhala kusowa kolowera.

Nkhani ya chikole ija itiphunzitsenso kanthu. Kuno kwathu lamulo la maukwati la 2015 limaletsa mitala kwa amene adamanga ukwati wa kwa DC, koma ukwati wa mwambo ulibe chiletso chimenechi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidaika kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana kukhala mlandu. Malamulowa alipo, koma amathandiza bwino mayi amene akudziwa kuti ukwati wake ndi wa mtundu uti, mapepala a nyumba ali m'dzina la yani, ndipo mwamuna wake adakongola kuti. Ramatoulaye, mayi wophunzira, adadziwa za ngongole za mwamuna wake maliro atachitika kale. Kufunsa zimenezi mwamuna ali moyo si mwano, ndipo bambo amene amakonda ana ake alembe wilo akadali ndi mphamvu.

Wowerenga wina wandifunsa ngati buku lotere n'loyenera ana asukulu, poopa kuti lingawadetse mtima pa nkhani ya banja. Yankho langa n'lakuti inde, n'loyenera, ndipo anyamata ndiwo ayambe kuliwerenga. Timabuku tachikondi tambiri timene ophunzira amabwerekana timathera pa tsiku la ukwati, ngati kuti moyo umaima pomwepo. Ili likuyamba ndi maliro n'kubwerera m'mbuyo kukaonetsa chikondi chenicheni cha achinyamata awiri ophunzira, ndi momwe chidafera pang'onopang'ono. Komanso Ramatoulaye sakumaliza ndi kutukwana banja. Mpaka kumapeto akukhulupirirabe kuti mwamuna ndi mkazi amafunana, ndi kuti dziko limalimba mabanja akakhala olimba. Mnyamata wa Fomu 4 akawerenga mutu umene akuluakulu atatu aja akubwera kudzapereka uthenga, amaona ndi maso ake momwe chinthu chimene amuna amachitenga ngati chaching'ono chimagwetsera nyumba yonse.

Mlangizi wa ku Dedza, pitirizani kulangiza mabanja, koma pa chilangizo chotsatira mudzawauzeko amuna gawo lawo la kupirira, chifukwa Modou nayenso adakalamba limodzi ndi mkazi wake ndipo ndiye adalephera kupirira. Inu a ku Zomba, limbikirani sukulu mpaka mukhale ndi chanu m'manja, kuti tsiku lina mukadzatsala kapena kuchoka, kudzakhale kufuna kwanu. Bambo wa ku Mangochi, ndikudikira kalata yanu yachiwiri mukawerenganso mutu wa ngongole uja. Amene muli ndi bukuli m'nyumba musaliunjike m'katoni, bwerekani mnzanu, ndipo tsamba lino likadali lotsekula kwa amene sakugwirizana nane.