Timu Yatsopano Izisewera Pakhomo

Timu ya mpira wamiyendo ikalowa kumene mu ligi yaikulu ya dziko lino, anthu ambiri amayamba ndi kufunsa za osewera amene igule, mphunzitsi amene imulembe ntchito ndi kampani imene iziithandiza ndi ndalama. Funso la bwalo limabwera mochedwa, pamene mpikisano watsala pang'ono kuyamba. M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti bwalo ndilo liyenera kuganiziridwa poyamba. Ndikunena izi ngati munthu wa ku Mlangeni, m'boma la Ntcheu, amene ndikulakalaka kudzaona timu ya boma lathu ikusewera mu Super League.

Chitsanzo chili pafupi. Timu ya Dedza Dynamos inapambana ligi ya m'chigawo chapakati mu 2021 ndipo inayamba kusewera mu Super League mu 2022. Chaka chimenecho inalowa pamodzi ndi Rumphi United ndi Sable Farming. Pakutha pa mpikisano, anzake awiriwo anabwerera kumene anachokera, koma Dedza inatsala. Zifukwa zake n'zambiri, koma chimodzi sichibisika: timuyi inali ndi bwalo lake pa boma la Dedza, pomwe munthu wogulitsa mbatata ya kachewere mumsika amatha kutseka malonda n'kuyenda wapansi kukachemerera. Matimu akuluakulu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe akafika pabwalopo amapeza kuti khamu si lawo lokha. Osewera monga Clement Nyondo, amene pambuyo pake anatengedwa ndi Wanderers, anadziwika kudzera pabwalo limeneli.

Tiyerekeze ndi Chitipa United. Kwa zaka zingapo timuyi inkasewera masewero ake apakhomo pa bwalo la Karonga, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera kwawo, chifukwa ku Chitipa kunalibe bwalo lovomerezeka. Sabata iliyonse inali paulendo. Timu yotere imalipira galimoto ndi chakudya ngakhale pa tsiku limene iyenera kulandira alendo, ndipo ochemerera amene angakwanitse kuitsatira ndi okhawo ali ndi ndalama ya minibasi.

Alipo amene amati timu yatsopano izitengera masewero ake akuluakulu ku Lilongwe, pa bwalo la Bingu, limene linatsegulidwa mu 2017 ndipo mumalowa anthu pafupifupi 40,000. Iwo amati kumeneko ndiko kuli ndalama zapachipata. Mfundoyi ndi yomveka, chifukwa osewera amafuna malipiro mwezi ndi mwezi. Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama zapachipata sizipita zonse kutimu: mwini bwalo, achitetezo ndi oyendetsa mpira amatapapo zawo. Chinanso, anthu amene angadzaze bwalo la Bingu pa tsiku lotero ndi masapota a Bullets, Wanderers kapena Silver Strikers. Timu yaing'ono imakhala yagulitsa mwayi wake wosewera pakhomo, ndipo ikataya mapointi n'kutuluka mu ligi, ndalama za tsiku limodzi zija siziibwezamo.

Ena amada nkhawa ndi chitetezo, ati bwalo laling'ono silingasunge khamu. Nkhawa imeneyi ndimaiona kuti ndi yoona, koma kukula kwa bwalo pakokha sikuteteza munthu. Pa 6 July 2017 anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa pokanganirana kulowa pa bwalo la Bingu lomwelo, lalikulu ndi latsopano. Chimene chimapulumutsa miyoyo ndi zipata zokwanira zotsegulidwa nthawi yabwino, matikiti ogulitsidwa molingana ndi malo, mpanda wolimba ndi achitetezo odziwa ntchito yawo. Zimenezi khonsolo ya boma ingathe kuzikonza pa bwalo la anthu ochepa.

Mfundo ina ndi yakuti makampani othandiza amabwera n'kupita. Dedza Dynamos yanyamulapo dzina la Salima Sugar, kenako la Premier Bet. Bullets inakhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets ndi Bakili Bullets. Wanderers inadziwikapo ndi maina a Limbe Leaf, MTL ndi Be Forward. Matimu awiriwa anayamba m'zaka za m'ma 1960, koma anatha zaka zoposa 50 akudalira bwalo la boma la Kamuzu, ndipo mu 2019 boma linachita kuwalonjeza kuti liwamangira mabwalo awo. Iwo anapirira chifukwa ali ndi masapota dziko lonse. Timu yobadwa lero ilibe chuma chimenecho. Masapota ake iyenera kuwalera yokha, ndipo mwana amayamba kukonda timu imene amaiona ndi maso Loweruka masana.

Nanga ife a ku Ntcheu tichite chiyani? Ntchito yomanga bwalo lamakono pa boma pathu inatenga zaka zambiri kuposa zimene tinkayembekezera, ndipo nthawi yonseyo tinkakamba za njerwa ndi simenti, osakamba za timu imene idzasewerepo. Bwalo lopanda timu limamera udzu n'kusanduka malo a misonkhano yandale. Maganizo anga ndi akuti khonsolo, mafumu ndi amalonda agwirizane pa timu imodzi ya boma lonse, aipatse pangano lolembedwa logwiritsa ntchito bwalolo pa mtengo wochepa kwa zaka zingapo, ndipo aikweze kudzera mu ligi ya chigawo monga anachitira anzathu a ku Dedza. Bungwe la FAM limafuna kuti timu ya mu Super League ikhale ndi chiphaso, ndipo bwalo lovomerezeka ndi chimodzi mwa zofunika pa chiphasocho. Kuli bwino kukonzeratu zimenezi timu isanakwere.

Ntcheu ili ndi mwayi umene maboma ena alibe. Msewu wa M1 umadutsa pa Lizulu, pa Mlangeni ndi pa boma penipeni, kotero wochemerera angathe kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo. Msewuwu umayenda m'mphepete mwa malire, ndipo abale athu a ku Angonia, m'dziko la Mozambique, amene timakumana nawo kale m'misika, angathe kudzaonera nafe. Anyamata aluso aliponso m'masukulu ndi m'mabwalo a m'midzi.

Pomaliza, akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bwalo la pakhomo, ngakhale likhale laling'ono, ndilo lingapatse timu yatsopano anthu oitcha yawo. Amene adzayambitse timu ya Ntcheu ayambe akambirana ndi khonsolo za bwalo, asanapite kukasoketsa yunifolomu.