Amisiri a ku Persia ndi Mfundo Zao

Liu lakuti Paradizo tonse timalidziwa. Timalimva m'nkhani ya mbala ija imene inalapa pa mtanda, ndipo ana athu amaliphunzira akali ang'ono. Koma ndi ocepa pakati pathu amene adziwa kwao kwa liuli. Silinabadwire ku Roma kapena ku Yerusalemu ai. Linacokera ku Persia, dziko limene kuyambira caka ca 1935 lidziwika ndi dzina lakuti Iran, ndipo kumeneko linali kutanthauza munda wozingidwa ndi linga. Agriki analibwereka, omasulira Malembo nalilowetsa m'Baibulo, ndipo potsiriza amishoni anafika nalo kuno kwathu. Mwezi uno tafuna kuti ticezeko za anthu amene anatipatsa liu limeneli, makamaka za nchito ya manja ao, imene yadabwitsa maiko kwa zaka zoposa 2,000 koma lero ili pa mavuto aakulu.

Mbali yaikulu ya Iran ndi cipululu ndi mapiri ouma. Munthu wokulira kumalo otere akaona madzi oyenda ndi mthunzi wa mitengo, mtima wake umakhala pansi. Ndico cifukwa cake mafumu akumeneko anali kukonza minda ya zigawo zinai, yodulidwa ndi ngalande za madzi zopingasana pakati. Koma nyengo yacisanu kumeneko ndi yoopsa, maluwa amafota ndipo anthu amabindikira m'nyumba. Tsono munda uja anaulowetsa m'nyumba mwa kuuluka ndi ubweya wa nkhosa. Mukayang'anitsitsa makapeti ambiri a ku Persia mudzaona nthambi, maluwa, mbalame, mwina ngakhale ngalande zinai zija, ndipo m'mphepete muli mpanda wa maluwa wozungulira zonse.

Kapeti yotere siipangidwa monga mkeka wathu wa mlaza, umene mizere yake imangolowana. Mmisiri amayamba wakunga ulusi wa thonje kapena wa silika pa cimango ca mitengo, ulusi uliwonse moyandikana ndi unzake. Kenaka amatenga kaubweya ka mtundu umene afuna, nkukamanga mfundo pa ulusi uwiri, nkudula ndi kampeni. Amanganso ina, amanganso ina, kufikira mzere utatha. Apo amapititsa ulusi wina copingasa ndi kuugogoda ndi cipeso cacitsulo kuti mfundo zithinane, ndipo pambuyo pake amameta pamwamba ndi sizasi kuti pasalale. Cithunzi conse cimene inu muona ndi nsonga za mfundo zimenezi, iliyonse yomangidwa payokha ndi zala za munthu.

Luso limeneli ndi lakalekale. M'caka ca 1949, katswiri wofukula zinthu zakale Sergei Rudenko anapeza kapeti m'manda a mfumu ina ku Pazyryk, m'mapiri a Altai ku Siberia. Madzi analowa m'mandamo nkuuma gwa ndi cisanu, ndipo ndi amene anaisunga kuti isaole. Inalukidwa zaka ngati 400 Ambuye asanabadwe, ndipo okwera pa akavalo amene ali m'mphepete mwake afanana ndi zosema za pa makoma a Persepolis, mzinda wa mafumu a Persia. Lero ili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Hermitage ku St Petersburg. Amene amawerenga buku la Estere akumbuka nsalu zokongola zimene zinapacikidwa pa phwando la mfumu ku Susa. Imeneyo ndi Persia yomweyi, ndipo nyengo zake sizitalikirana kwenikweni.

Koma imene ife yatigwira mtima ndi kapeti ya ku Ardabil, tauni ya kumpoto cakumadzulo kwa Iran. Inalukidwa m'masiku a mfumu Shah Tahmasp kuti iyalidwe m'kacisi wa pamanda a Sheikh Safi al-Din, kholo la banja lacifumu. M'litali mwake ndi mamita 10 ndi theka, m'lifupi mamita 5 ndi pang'ono, kutanthauza kuti m'nyumba zambiri za m'makomboni mwathu siingakwanemo ngakhale mutagwetsa zipupa zapakati. Mfundo zake ndi pafupifupi 26 miliyoni. Tiyeni tiwerengere limodzi monga tinali kucitira pa sileti. Tiyerekeze kuti mmisiri wacangu amanga mfundo 10,000 pa tsiku. Ndiye kuti akanafunika masiku 2,600, ndipo atamagwira masiku 6 pa mlungu, zaka 8 zikanatha asanamalize. Zoona zake anali kukhala angapo pa benchi limodzi, phewa ndi phewa, pakuti mutu umodzi susenza denga, komabe inawatengera zaka. Ndipo sanaluke imodzi, analuka ziwiri zofanana ngati mapasa.

Kumapeto kwa kapetiyi kuli kabokosi kolukidwa komwe, mmene muli dzina la Maqsud Kashani ndi caka ca 946 monga mwa kalendala ya Asilamu, cimene kwa ife ndi 1539 kapena 1540. Akatswiri amati iyeyu ayenera kuti anali woyang'anira nchito. Nanga aja amene zala zao zinacita zipsera? Aja amene anameta nkhosa, anapota ulusi ndi kuunyika mu utoto? Palibe dzina lao ngakhale limodzi limene linalembedwa. Mapasa aja naonso anasiyana njira. Zitakalamba ndi kung'ambika, amalonda anadula zigamba ku imodzi kuti akonzere inzake. Yokonzedwayo inagulidwa m'caka ca 1893 pa mtengo wa mapaundi 2,000 ndipo ili ku Victoria and Albert Museum mu London, kumene amaiunikira nyali kwa mphindi zowerengeka cabe kuopa kuti mitundu ingasuluke. Yodulidwayo ili ku Los Angeles. Ku Ardabil kumene zinayalidwa poyamba sikunatsale ngakhale imodzi mwa ziwirizi.

Tisaganize kuti makapeti onse ndi a mafumu. Kum'mwera, m'cigawo ca Fars, kuli mtundu wa a Qashqai, abusa oyendayenda amene amasamuka ndi nkhosa zao kukwera kumapiri m'cilimwe ndi kutsikira kucigwa m'nyengo yacisanu. Kumeneko oluka ndi azimai. Cimango cao amacikhomera pansi ndi zikhomo, tsiku la msamuko nkucizula, kucikulunga ndi kucikweza pa bulu kapena ngamila. Alibe pepala lotsatira. Cithunzi cili m'mutu, ndipo mtsikana amaciphunzira atakhala pambali pa mai wake. M'matauni monga Kashan, Tabriz ndi Isfahan zinthu nzosiyana: wojambula amayamba walemba cithunzi pa pepala la timabokosi, kabokosi kalikonse kuimira mfundo imodzi. Ku Kerman kunali mwambo wakuti mmodzi aziimba mitundu ya ubweya motsatana, oluka namayankha uku manja akuthamanga, monga momwe amai athu amaimbira posinja pa mtondo. M'caka ca 2010 bungwe la UNESCO linalemba kalukidwe ka ku Fars ndi ka ku Kashan m'kaundula wa cuma ca miyambo ya anthu.

Za utoto tinenepo pang'ono, pakuti mpamene pagona ulemerero wa kapeti. Wofiira umacokera ku mizu ya kacitsamba kena, wabuluu ku masamba a indigo, wacikasu ku makoko a makangaza, wofiirira ku makungu a mtedza wa mumtengo. Popeza mphika wa lero sungafanane ndendende ndi wa mwezi wa mawa, pa kapeti yeniyeni mtundu umodzi umasintha pang'ono apa ndi apo. Ogula odziwa sakuyesa cilema kusinthaku, koma umboni wakuti panadutsa dzanja la munthu. Utoto wa m'mafakitale utatulukira ku Ulaya m'caka ca 1856, unafika ku Persia uli wochipa ndi wowala, koma woyambawo unali kusuluka msanga, mwakuti boma linayesa kuuletsa poopa kuti mbiri ya makapeti ao ingaipe.

Amene afuna kuona maluso ena apite ku Isfahan, mzinda umene Shah Abbas anausandutsa likulu m'caka ca 1598. Pakati pake pali bwalo la Naqsh-e Jahan, lotalika mamita 560, lozunguliridwa ndi mizikiti yokutidwa ndi matailosi abuluu ndiponso timasitolo ta amisiri. Kumeneko ena amadinda nsalu za thonje ndi zidindo zosema pa mtengo, mtundu uliwonse cidindo cake. Ena amacita khatam: amamata pamodzi timizere topyapyala ta mtengo, ta fupa la ngamila ndi ta waya, nkudula mtolowo m'timagawo toonetsa tinyenyezi, timene amakutira nato mabokosi ndi zitseko. Koma ife a dziko la mkuwa tiyenera kuima kaye pa khomo la osula. Iwo amatenga mkuwa, kuusula mbale kapena mtsuko, nkuzokotapo maluwa ndi kacitsulo kosongoka ndi nyundo. Ena amaukuta ndi utoto wagalasi, kuuocha m'ng'anjo, kujambulapo ndi kuuochanso, mpaka mbale ituluke yonyezimira ngati thambo la m'mawa. Luso limeneli amati minakari. Mkuwa wa m'mbale yotere ndi wocepa ndithu. Cimene wogula amalipira ndi masiku a mmisiri. Ife mkuwa wathu wambiri umatuluka m'dziko pa malole uli mapale osasula, ndipo nkhani imeneyi tiisiye pomwepo.

Mwina wina afunsa kuti kodi zinthu za kutali cotere zinafikapo kuno ku Africa? Inde. Amalonda a ku Persia anali kuoloka nyanja ya Indian ndi mphepo za nyengo kufika ku Kilwa ndi madoko ena a Aswahili, ndipo mafumu oyamba a Kilwa anali kunena kuti makolo ao anacokera ku Shiraz. Ofukula zakale anapeza mbale yadothi yonyezimira ya ku Persia m'mabwinja a Great Zimbabwe, kutsidya kwa Zambezi. Inayenda ulendo wonsewo pa zombo ndi pamitu ya anthu, m'njira zomwe golide ndi minyanga zinali kutsikira kunyanja.

Tsopano tifike pa zowawa. Kukongola kwa kapeti kwakhala kukubisa misozi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, bungwe loona za anchito pa dziko lonse la ILO linadandaula ku boma la Persia za ana ang'onoang'ono a ku Kerman amene anali kuluka tsiku lonse m'zipinda zamdima, cifukwa tizala tao tinali kumanga mfundo zazing'ono, ndipo ambiri anali kukula opindika miyendo ndi msana. Ngakhale pakati pa akulu, woluka ndiye amalandira kacigawo kocepa pa mtengo umene kapeti imagulidwira ku Hamburg kapena ku Dubai. Maso amafooka, msana umawawa, ndipo phindu lalikulu limatsalira oyenda pakati. Ife sitingayamikire cinthu ndi kutseka maso pa za amene anacipanga.

Pamwamba pa izi pabwera ndale. Dziko la America, limene linali msika waukulu, linatseka khomo la katundu wa ku Iran m'caka ca 1987, linatsegulira makapeti mu 2000, linatsekanso mu 2010, linatsegula mu 2016, ndi kutsekanso mu 2018. Taganizani za mai wa kumudzi amene anakunga ulusi khomo lili cotsegula, kapeti nkudzatha patapita caka ndi theka khomo litatsekedwa. Iye sanakhalepo pa msonkhano uliwonse wa akuluakulu, koma njobvu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 makapeti anali kubweretsera Iran ndalama zokwana madola 2 biliyoni pa caka. Pofika 2023 ndalamazo zinali zitatsika kufika pansi pa madola 100 miliyoni. Malo amene Iran anasiya pa msika analowapo a India, Pakistan, Turkey ndi China, ena akuluka zithunzi zomwezo za ku Kashan ndi Tabriz, ena akuzitulutsa pa makina m'maola ocepa. Ngakhale mabanja a mu Iran momwemo, amene mwa mwambo mkwatibwi amalowa m'banja ndi kapeti, ambiri atembenukira ku za makina cifukwa ca kukwera mtengo kwa zinthu.

Cimene cimatidetsa nkhawa koposa ndalama ndi ici: luso lotere silikhala m'buku. Mai wa ci Qashqai amene ali ndi zithunzi m'mutu angazipereke kwa mwana wake pokhapokha ngati mwanayo akhala naye pansi pa cimango kwa zaka. Mwanayo akaona kuti nchito ya miyezi 12 siigula ngakhale cakudya ca miyezi 12, amanyamuka kupita ku Shiraz kukafuna ya malipiro a pamwezi, ndipo ndani angamudzudzule? Nao odinda nsalu a ku Isfahan anazolowera kutsuka nsalu zao mu mtsinje wa Zayandeh Rud, umene umadutsa pakati pa mzinda. Kuyambira m'zaka za m'ma 2000 mtsinjewo wakhala ukuphwa kwa miyezi yambiri cifukwa ca cilala ndi kupatutsidwa kwa madzi kumtunda, kotero kuti pansi pa milatho yakale ya m'masiku a Shah Abbas anthu amayenda pouma.